Chimbale chimene chinatiitanitsa ankhoswe

Banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha azibambo anayi a tsitsi lalitali amene sindinakumanepo nawo, ndipo ndikukhulupirira kuti pano ena mwa iwo ali ndi dazi. Lero ndimaseka ndikamafotokoza, koma chaka chimenecho kuseka kunalibe.

Tinkakhala ku Braunstone, mumzinda wa Leicester ku England, m'nyumba ya lendi imene khoma lake la kukhitchini linkachita chuku nyengo yozizira iliyonse. Ine ndinkagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalirako okalamba. Amuna anga anabwera kuno pa mapepala anga, ndipo ntchito imene anapeza inali ku Corby, kunyamula makatoni m'chinyumba chosungiramo katundu. Poyamba ankakwera basi ya antchito yonyamuka kusanache, mpaka mnzawo wina wa kuntchitoko, mzungu wachikulire, anawagulitsa galimoto yake yakale pamtengo wachibale. Galimotoyo tinaipempherera, tinaijambula, zithunzi n'kutumiza kumudzi.

Muyenera kudziwa kuti amuna anga ndi munthu wotani. Kumudzi anali mphunzitsi, komanso ndiwo ankatsogolera kwaya ya tchalitchi chathu, ndipo akafika pamalo anthu ankasuntha kuwapatsa mpando. Kuno anawasankha kukhala mkulu wa mpingo pa kampingo kathu ka Amalawi kamene kamapemphera mu holo ya lendi. Samwa, sasuta, sakweza mawu. Wa mtima wapachala m'nyumba mwathu ndine, ndipo sindibisa.

Galimoto itatha miyezi ingapo pakhomo ndinayamba kuona zachilendo. Iwo ankafika masana, nthawi imene ine ndinkakhala nditangodzuka kumene. Ndikamva galimoto ikuima panja ndinkateleka madzi a tiyi. Madzi ankawira, tiyi n'kuzizira, munthu osalowa. Ndikasuzumira pakatani ndinkawaona ali phee pampando, magalasi atachita nthunzi, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Tsiku lina ndinawaona atatsinzina, dzanja lili pachifuwa. Pa zaka zonse za banja lathu, ine sanandilankhulepo atatsinzina dzanja lili pachifuwa.

Ndinanamizira kukataya zinyalala. Nditayandikira galimoto ndinamva kamawu kang'ono, kokwera m'mwamba, kolira mokoka ngati ka mkazi wodandaula. Atangondiona anabaya chala penapake kutsogoloko, ndipo m'galimoto munangoti zii.

"Mumalankhula ndi ndani?" ndinawafunsa atatsegula chitseko.

"Palibe. Ndimamvera nyuzi."

Koma Lamulungu lililonse popita kutchalitchi ankatiuza, ine ndi mwana wathu wamkazi, kuti wailesi ya m'galimoto ndi yakufa. Wailesi yakufa ija inali itadzuka kudzawerenga nkhani ndi mawu a mkazi wolira. Ndinangowathirira tiyi wozizira yemweyo.

Kuntchito ndinamutsina khutu mnzanga wina wa ku Zambia pamene tinkayala mabedi. Sanachedwe n'kuganiza komwe. "Mwamuna akayamba kunkhala mu motoka, ninshi kuli wina," anatero, uku akuvala pilo. Anandiwerengera mabanja a anthu athu amene anathera kuno, mwamuna atapeza wina kuntchito. Ena ndinkawadziwa.

Ndiye panabwera chithunzi. Ndinkapisa m'matumba a jekete lawo la kuntchito kuti ndilichape, iwo ali kubafa, ndipo m'thumba lamkati ndinapeza kapepala konyezimira, kopindidwa bwinobwino, kofewa m'mbali chifukwa chogwiridwa kawirikawiri. Pamwamba pake panali munthu atayima cham'mbali, tsitsi lachikasu lofika kumsana litaphimba tsaya, zibangili m'manja, thalauza yothina, chiuno cha mavu. Ndinamva madzi akutsekedwa kubafa. Mofulumira ndinajambula ndi foni yanga, kapepala n'kukabwezera mmene kanalili, osakafunyulula n'komwe.

Chithunzi chimenecho ndinachikulitsa ndi zala zanga kambirimbiri. Pabasi, panthawi yopuma kuntchito, ngakhale m'chimbudzi. Ndinkayang'ana chiuno chija n'kuyang'ana changa chimene chinabereka ndipo chimadzutsa okalamba pabedi usiku uliwonse. Ndinkaopa, ndinene mosabisa. Ndinkaopa kutsala ndekha ndi mwana m'dziko la eni, ndipo ndinkaopa manyazi a kumudzi, kumene amayi anga ankauza aliyense kuti mkamwini wawo ndi munthu wa Mulungu.

Ena amandifunsa kuti bwanji sindinangowafunsa amuna anga. Ndinali nditafunsa kale, n'kundiyankha za nyuzi. Kwathu nkhani ikafika apo sulimbana naye wekha mwamuna kuchipinda, chifukwa amakana, iwe n'kukalipa, mawa lake wolakwa n'kukhala iwe wokalipawe. Umaitana ankhoswe. Ankhoswe athu enieni ali kumudzi, choncho titangofika kuno mpingo unatipezera ogwirizira. Wa mbali yanga ndi mayi wina wachikulire wa ku Highfields, namwino wopuma amene anabwera ku England ine ndikadali kupulayimale, ndipo ndimawatchula azakhali. Wa mbali ya amuna anga ndi bambo woyendetsa basi za mumzinda muno, amene iwo amawatchula amalume.

Azakhali nditawaimbira anati, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndadekha, azakhali. Nkhonoyo maso ndayiona, ili ndi tsitsi lofika kumsana."

Anabwera Loweruka masana, kukuwaza kamvula kosatha ka kuno. Mwana tinamutumiza kwa mnzake. Ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi, ndinaika tiyi ndi masikono patebulo, kenako n'kukhala pansi pa kapeti pafupi ndi mapazi a azakhali. Amuna anga anakhala pampando wa m'mbali, atavala shati yoyera ngati akupita kumaliro. Anali atangouzidwa kuti kuli nkhani, osauzidwa kuti ndi yotani.

Amalume anapemphera, kenako anati, "Tamva kuti m'nyumba muno mwalowa mphepo. Mayi, tiuzeni."

Ndinafotokoza zonse mwadongosolo: za tiyi wozizira, za milomo yoyenda, za wailesi yakufa, za kamawu kaja. Pamwambo wotere winayo saloledwa kudula mawu, choncho amuna anga ankangoyang'ana nsapato zawo, thukuta likutuluka pamphumi m'nyumba yozizira. Ine ndinati mumtima, wagwidwa ameneyu. Pomaliza ndinatulutsa foni n'kuipereka ndi manja awiri kwa azakhali. Iwo anavala magalasi, anayang'ana, anapukusa mutu, n'kupatsira amalume. Amalume anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira, kenako anapereka kwa mwini nkhani.

Amuna anga atangoona chithunzi anatulutsa kamawu kosadziwika ngati n'kuseka kapena kutsamwa.

"Uyu si mkazi," anatero.

"Ndiye ndi mbuzi?" ndinaiwala mwambo wonse. Azakhali ananditsina paphewa.

Anadzuka, anakatenga jekete lija pakhomo, anatulutsa kapepala n'kukafunyulula patebulo pakati pa makapu. Kanali kapepala ka m'kabokosi ka chimbale cha nyimbo. Panali anthu anayi, onse tsitsi kumsana. Wina anali ndi ndevu, wina shati yosamanga mabatani, cheya chili yakayaka pachifuwa. Mkazi wanga wa chiuno cha mavu uja analinso kuseri kwa pepalalo, atayang'ana kutsogolo, atagwira maikolofoni, ndipo anali mwamuna mosakayikitsa.

"Ndi oimba," anatero amuna anga motsitsa mawu. "Mnzanga anasiya sidi mu galimoto. Ndi imene ndimamvera."

Azakhali anakoka pepalalo ndi nsonga ya chala. Nkhope yawo inasintha kuposa mmene inasinthira ndi chithunzi choyamba chija. "Ambuye tichitireni chifundo! Awa ndikuwadziwa ine. Nditangobwera kuno anali thoo pa TV, akukuwa, akugwedeza mitu. Awa ndi aja a satana! Mkulu wa mpingo, inu?"

Ndikuuzeni zoona, mu Leicester monse munalibe mkazi wosangalala kuposa ine pa nthawi imene amuna anga ankaimbidwa mlandu wa usatana. Ndinagwira pakamwa ndi chitenje kuti phwete lisatuluke, ndipo azakhali anaganiza kuti ndikulira, n'kuyamba kundisisita kumsana.

Koma kwa amuna anga nkhani inali itangoyamba. Iwo omwe ndi amene anaimirira kutsogolo kutchalitchi chaka cham'mbuyo mwake n'kudzudzula achinyamata pa za nyimbo za dziko. Kampingo kathu n'kochepa, ndipo nkhani yoti mkulu wa mpingo amadzitsekera m'galimoto ndi nyimbo za satana ikanafika khomo lililonse Lamulungu lisanakwane.

Amalume anamwa tiyi wawo kaye. "Mlandu sitigamula osamva mboni," anatero. "Kabweretseni chimbalecho tichimve."

"Sichituluka, amalume. Chinastaka m'kati. Ndinayesapo ndi mpeni."

Ndiye bwalo lonse linasamukira m'galimoto. Amalume kutsogolo, ine ndi azakhali kumbuyo, azakhali atakumbatira chikwama chawo chimene munali Baibulo. Mayi wina wachizungu woyandikana nafe ankadutsa ndi galu wake, anatiyang'ana anthu anayi ovala zakutchalitchi m'galimoto yosayenda, n'kungopitirira.

Nyimbo yoyamba inalowa ngati wina wagwetsa mbale zonse za m'khitchini nthawi imodzi. Ng'oma, magitala okalipa, kenako kamawu kaja kamene kanandisowetsa tulo. Azakhali anayamba kupemphera chapansipansi. Amuna anga anati, "Dikirani pang'ono," n'kudumpha nyimbo zingapo mpaka kufika chapakati pa chimbale.

Imeneyo inayamba ndi gitala imodzi yokha, yoyenda pang'onopang'ono. Woimba uja sanakuwe. Ankaimba ndi mawu otopa, osasa pang'ono, ndipo mawu ake ambiri sindinawagwire. Atafika pa kolasi analowa onse anayi, aliyense pamzere wake, mawu n'kulumikizana bwinobwino popanda wopitirira mnzake. Ndinaona dzanja la amuna anga likuchoka pachiwongolero n'kukwera m'mwamba.

"Tamverani besi uyo," ankatero. "Satsatira mnzake, akutsika yekha. Tenala akudikira, akudikira, apo walowa. Anthu awa anaphunzira kuimba, amalume. Izi sizongokuwa."

Dzanja limenelo ndinkalidziwa. Ndi limene ndinaliona koyamba ndili mtsikana pa benchi ya aluto, likutiuza popumira ndi potsitsa mawu. Chichokereni kumudzi ndinali ndisanalionenso likuyenda choncho. Phazi la amalume nalo linali litayamba kugunda pansi, ngakhale iwo amakana mpaka lero.

Nyimbo itatha anazimitsa, n'kutiuza zimene mnzawo wa ku Corby anawafotokozera. Akuti zaka za m'mbuyo chimbalechi chisanatuluke, nyimbo zaphokoso za chamba chimenechi zinali pamwamba. Oimba ankafutukula tsitsi, kupaka milomo, mabwalo a mpira n'kumadzaza. Anyamata anayi awa anafika mochedwa. Pamene anakhwima, anasiya zodzipaka, n'kutulutsa chimbale chawo chabwino koposa, dziko linali litatembenukira kwina. Kunali kutabwera achinyamata ena ovala zong'ambika, oimba mokhumudwa, ndipo mawailesi onse anathamangira kumeneko. Kampani yojambula nyimbo inawataya anyamatawo. Chimbale chinkapezeka m'dengu la zotsika mtengo pakhomo pa shopu, kumene mnzawoyo anachitola. Gululo linatha, ndipo woimba wa tsitsi lachikasu uja akuti anakayamba kupenta nyumba za anthu.

"Chabwino," anatero amalume. "Koma sizinayankhe funso la mayiwa. Bwanji kukhala panja nokha, tiyi akuzizira m'nyumba?"

Amuna anga anayang'ana galasi lakutsogolo limene linali litadzaza nthunzi.

"Amalume, ine kumudzi ndikakweza dzanja chonchi, tchalitchi chonse chinkapuma mpweya pamodzi. Kuno ana ali ndi kiyibodi, nyimbo amazidawunilodi pa foni, kwaya ya mawu anayi akuti ndi zachikale. Ku weyahausi supavaiza wanga ndi mwana woti ndikanamuphunzitsa Fomu Thuu, ndipo dzina langa salitha. Sindikudandaula, tikudya. Koma ndikafinisha shifiti n'kumva anthu awa akuimba ndi mtima wonse, nthawi yawo itatha kale, palibe woti awamvere, ndimamva ngati ndapeza anzanga."

"Nanga osawauza akazi anu bwanji?"

"Mayiwa amabwera m'mawa mapazi atatupa, atasambitsa makolo a eni usiku wonse. Mapepala amene tikukhalira kuno ndi awo. Ndiye ine ndikawauze kuti mtima ukundipweteka chifukwa palibe wondipempha kuimbitsa nyimbo?"

Chiseko chija chinali chitandithera. Ndinamva chisoni, komanso ndinakwiya pang'ono, chifukwa munthu amene ndimagona naye chipinda chimodzi anakadandaulira azungu anayi a papepala, ine ndili pomwepo kuseri kwa katani. Komabe ngakhale mkwiyo umenewo unali wopepuka, woti munthu atha kuunyamula.

Tinabwerera m'nyumba kukamva chigamulo. Azakhali anayamba ndi kunena kuti tsitsi limenelo sakulivomereza ndipo sadzalivomereza. Kenako anati amvetsera ndi makutu onse awiri, ndipo m'nyimbo yofatsa ija satana sanamumvemo, amva anthu olira basi. Yoyamba ija anati akufuna kuipempherera kaye. Anagwirizana ndi amalume kuti nkhani yathera m'nyumba momwemo ndipo kutchalitchi siifika. Koma bodza la wailesi yakufa linali bodza ndithu, ndipo mwamuna wonamiza mkazi wake amalipa nkhuku. Amalume ananenetsa kuti isakhale yofewa ya m'supamaketi, ikhale yolimba ija ya kubutchala ya amwenye ku Highfields. Ine anandidzudzula kuti tsiku lina ndikapeza pepala lopindidwa ndizilifunyulula kaye ndisanasonkhanitse anthu. Ndinavomera ndi ulemu wonse, ngakhale mumtima ndinati munthu wovala zibangili ndi thalauza yotero asamadabwe akamuyesa mkazi wa mwini.

Galimoto ija inafa patapita zaka zingapo, ndipo inapita kwa ophwasula chimbale chili m'mimba momwemo. Mwana wathu anawapezera bambo ake nyimbozo pa foni, akuseka kuti m'dziko lonse omvera gululi ndi iwo ndi mzungu wa ku Corby basi. Pano zimalira kukhitchini Loweruka tikamakonza m'nyumba. Maganizo anga ndi awa: nyimbo ziwiri zoyamba ndi phokoso chabe, anaziika kutsogolo pofuna kukondweretsa anthu amene anali atachoka kale. Kuyambira chapakati mpaka kumapeto n'zabwino kwambiri, ndipo zimaposa zotchuka za nthawi imeneyo zimene zimalira pa wailesi ya kuntchito kwathu okalamba akamadya. Pali ina ya kumapeto imene gitala imalira yokha nthawi yaitali, ndipo ndikakhala ndekha ndimaibwereza.

Koma ndibwerere ku Loweruka lija. Ankhoswe atapita, amuna anga anakwera kuchipinda kukavula shati yoyera ija. Ndinawamva akutsegula wadilobu, kenako akutsegula madirowa limodzi ndi limodzi.

"Mayi, zovala zanga zili kuti?"

Ndinakwera masitepe, ndinagwada, n'kukoka sutikesi pansi pa bedi. Inali yomwe anabwera nayo kuchokera kumudzi. Ndinali nditailongedza dzulo lake, iwo ali kuntchito, kuti ankhoswe akangogamula anyamule azipita. Anaitsegula pabedi. Mashati onse anali ositidwa, opindidwa, masokosi awiriawiri, mankhwala awo a BP ali m'kathumba pamwamba kuti asawaiwale.

"Munasita zovala zondithamangitsira?"

"Nanga mukanapita kwa mzungu wanu wa chiuno cha mavu ndi makwinya, akanene kuti munalibe mkazi?"

Anaseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pabedi, shati imodzi ili m'manja. Kenako ndinaona kuti mapewa akugwedezekabe koma sikunalinso kuseka. Anabisa nkhope m'shatimo n'kulira ngati mwana, munthu amene sanalire ngakhale tsiku limene tinatsanzikana ndi amayi ake pabwalo la ndege. Ndinakhala pambali pawo mpaka anamaliza, kenako tinayamba kubwezera zovala m'wadilobu, iwo akundipatsira, ine ndikukoleka.